Moto, kompositi kapena mankhwala: biochar wa zotsalira za m'munda tim'konze ndi chiyani?

Chaka choyamba chimene ndinawotcha zitsononkho kuti ndipeze biochar, makala othira m'nthaka, mtima unali m'mwamba, kudikira kunandikanika. Makala atangozizira ndinawasinja n'kuwathira pa bedi limodzi la mbande za kabichi, bedi lina ndinalisiya momwe linalili kuti anthu adzadzionere okha kusiyana. Kusiyanako kunaonekadi, koma chagada. Patatha masabata atatu, bedi la makala ndi limene masamba ake anachita chikasu, mbande zitapinimbira ngati zamera pamsewu, pamene bedi losathira kanthu lija linali biriwiri. Amene ndinawaitana kuti adzaone ndinasiya kuwakumbutsa.

Zitsononkho zinalibe mlandu. Makala ongochoka kumene pamoto ali ngati chinkhupule chouma, chimayamba chamwa chokha chisanagawireko wina. Timabowo take timakoka chakudya cha mbewu chimene chinali kale m'nthaka. Komanso pa makalawo pamatsalira timafuta ndi kaboni wosapsa bwino, amene tizilombo ta m'nthaka timamuthamangira, ndipo pomudya timalanda nayitrojeni amene mizu ikanagwiritsa ntchito. Mbuna imeneyi sindinagwemo ndekha. Mu 2015, Claudia Kammann ndi anzake ku Germany anafalitsa zimene anapeza atabzala mbewu yotchedwa quinoa m'dothi lamchenga: makala osakonzedwa anatsitsa kakulidwe ka mbewu kufika pa 60 peresenti poyerekeza ndi dothi lopanda makala, pamene makala a mtundu womwewo, atakhala mu mulu wa kompositi mpaka kuwola naye limodzi, anakulitsa mbewu pafupifupi katatu. Makala amodzimodzi, dothi limodzimodzi, kusiyana n'kakonzedwe basi.

Ndiye nkhani pakati pa ife owotcha yakhala yakuti kukonzako kukhale kotani. Ena amati zonse zimathera pamoto. Ena amati chachikulu n'kuwadyetsa makalawo asanalowe m'munda. Ena, makamaka amene amawerenga kwambiri zofufuza za m'mayunivesite, amakamba za nthunzi, asidi, potaziyamu hayidrokisaidi ndi zitsulo. Ndaziika pambalipambali njirazi, zina ndaziyesa ndi manja anga, zina ndangoziwerenga chifukwa sizochitira paseri pa nyumba. Koma musanasankhe, dzifunseni kuti makalawo akagwira ntchito yanji. Ofuna kukweza zokolola, ofuna kusefa madzi oipa ndi ofuna kuti kaboni akhale m'nthaka zaka mazana onse amanena kuti akufuna "makala abwino", koma sakunena chinthu chimodzi. Njira yopambana pa sefa ikhoza kukhala kutaya nthawi m'munda.

Tiyambe ndi moto, popeza ndi wokhawo umene sungabwezedwe. Makala owotchedwa pa kutentha kochepa, madigiri 300 mpaka 400, amatuluka ambiri: pa makilogalamu 100 a zinyalala zouma mukhoza kupeza opitirira 30. Pakhungu pawo pamatsala okosijeni wambiri, ndipo ndi ameneyu amene amathandiza makala kugwira potaziyamu, kashiyamu ndi amoniyamu kuti zisakokoloke ndi mvula. Koma amakhala ndi timafuta tambiri, nthawi zina amakana madzi, ndipo sakhalitsa m'nthaka. Makala a madigiri 600 mpaka 700 amatuluka ochepa, kawirikawiri pakati pa 20 ndi 25, timabowo tawo timakhala totseguka, phulusa limachuluka, pH (muyezo wa asidi, umene ukakwera ndiye kuti asidi wachepa) imakwera, ndipo tizilombo ta m'nthaka timawalephera kudya. Bungwe la IPCC, loona za kusintha kwa nyengo pa dziko lonse, m'malangizo ake a 2019, linayerekeza kuti pakatha zaka 100 m'nthaka mumatsala 65 peresenti ya kaboni wa makala owotchedwa pakati pa madigiri 350 ndi 450, 80 peresenti ya owotchedwa pakati pa 450 ndi 600, ndi 89 peresenti ya owotchedwa kupitirira 600. Mabungwe oika miyezo ya biochar, a International Biochar Initiative ndi a European Biochar Certificate, onse anasankha kuyeza kupsa kwa makala poona hayidrojeni amene watsala poyerekeza ndi kaboni, ndipo anaika malire a 0.7. Kupitirira apo amati chinthucho sichinapse mokwanira kuti chitchedwe biochar.

Ineyo ndimatsamira ku moto waukulu, cha m'ma 500 mpaka 650, ngakhale ndikudziwa kuti ndikutaya kulemera. Chifukwa changa n'chakuti zimene moto waukulu umachotsa pakhungu la makala zikhoza kubwezeretsedwa pambuyo pake ndi kompositi komanso nthawi, koma makala osapsa simungawapsetse atalowa kale m'nthaka. Pali chimodzi chokha chimene ndimachipatula: zitosi za nkhuku ndi ndowe. Izi mukaziwotcha pamoto waukulu nayitrojeni wake amathawa ndi utsi, mumatsala ndi phulusa lokhala ndi fosiforasi ndi kashiyamu. Kunena zoona, zitosi sindiziwotcha n'komwe. Ntchito yake ili mu kompositi, kumene zikadyetse makala a zitsononkho.

Zinyalala nazonso sizifanana. Zitsononkho ndi makoko a mtedza zimapereka makala olimba bwino, a phulusa lochepa. Mapesi ndi udzu wa tirigu kapena wa mpunga zimapereka makala opepuka, osachedwa kufumbutuka, koma olemera ndi potaziyamu. Mankhusu a mpunga ndi nkhani ina: pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake ndi phulusa, ndipo phulusalo pafupifupi lonse ndi silika, chinthu chomwe chija chimapanga mchenga, ndiye makala ake amakhala ndi kaboni wochepa kusiyana ndi anzake. Sikuti ndi oipa. Amamasula dothi lamakande bwino kwambiri, ndipo mpunga ndi nzimbe zimakonda silika. Kungoti amene akufuna kusunga kaboni m'nthaka asadabwe thumba la mankhusu likawapatsa wochepa. Ndipo chilichonse chimene mukuwotcha chikhale chouma. Zinyalala zonyowa zimadya moto pouma, kutentha kumatsika, utsi woyera n'kuyamba kufuka, ndipo utsi umenewo ukabwerera pa makala ndiwo umasiya zoipa zimene akatswiri amazitcha PAH, zomwe mabungwe aja anaziikira malire.

Za chowotchera anthu amakangana mpaka kutsala pang'ono kugwirana m'khosi, koma kusiyana kwake n'kosavuta kufotokoza. Dzenje kapena chitsulo chooneka ngati beseni lakuya, chimene Hans-Peter Schmidt wa ku Ithaka Institute ku Switzerland ndi Paul Taylor anachitchukitsa mu 2014 pa dzina la Kon-Tiki, chimadalira lawi la pamwamba kutchinga mpweya kuti usafike pa makala apansi. Mumaponyamo zinyalala pang'onopang'ono, mukaona phulusa loyera layamba kuoneka pamwamba mumawonjezera zina. Chimatentha kwambiri, cha m'ma 600 mpaka 700, utsi umakhala wochepa, ndipo chimalandira mapesi aatali osadula. Koma chimafuna munthu woimirira pomwepo maola angapo, ndipo mankhusu ndi utuchi zimachizimitsa chifukwa zimatsekereza lawi. Mbaula yoyatsira pamwamba, imene amaitcha TLUD, ndiyo ya tizinthu ting'onoting'ono tofanana kukula monga makoko a mtedza ndi zitsononkho zodula, ndipo moto wake mukhoza kuphikira, kungoti imapereka makala ochepa pa ulendo umodzi. Mgolo wotseka woikidwa mkati mwa moto umapereka makala ambiri pa zinyalala zochepa, koma ndi umene wandinamiza kawirikawiri: m'mbali mwapsa bwinobwino, pakati zitsononkho zikadali zofiirira.

Opanda choyezera kutentha musadandaule, manja ndi mphuno zimayeza. Thyolani chitsononkho chachikulu kuposa zonse. Chikathyoka mosavuta kuti thyo, mkati muli bii mpaka pamtima, chapsa. Gwedezani makala ouma m'dzanja: opsa bwino amalira ngati tizidutswa ta galasi, osapsa amangoti phuphuphu. Anunkhizeni: asamveke fungo lililonse, fungo la utsi kapena la phula ndi chizindikiro choipa. Kenako atikiteni m'manja n'kusamba ndi madzi okha. Kuda kukachoka popanda sopo, ali bwino. Kukakanirira ngati girisi, timafuta tikadalimo.

Kazimitsidwe ndi pamene anthu ambiri amataya mwayi waulere. Kukwirira ndi dothi kumasunga madzi, koma makala amazizira pang'onopang'ono ali m'kati mwa utsi wawo womwe, ndipo mukafukula msanga amayakanso usiku n'kudzapeza phulusa lokha m'mawa. Zinandichitikirapo kamodzi, ndipo kamodziko kanakwana. Kuzimitsa ndi madzi ambiri, makamaka olowera pansi n'kumakwera, kumatulutsa nthunzi yotentha imene imadutsa m'makala n'kutsuka timabowo, ndipo makala otere amamwa madzi mosavuta kuyambira tsiku loyamba. Pa ziwirizi madzi apambana, pokhapokha ngati kumene muliko madziwo ndi osowa.

Funso lotsatira n'lakuti phulusa litsukidwe kapena lisiyidwe. Makala a zotsalira za mbewu amakhala ndi pH ya 9 kapena 10. M'nthaka ya asidi, yofiira, yoguga ndi mvula, phulusa limeneli ndi dalitso, limagwira ntchito ya laimu n'kumasula fosiforasi amene aluminiyamu anamumanga. Simon Jeffery ndi anzake atasonkhanitsa zofufuza zambiri mu 2017 anapeza kuti m'madera otentha biochar anakweza zokolola ndi pafupifupi 25 peresenti, pamene m'madera ozizira a nthaka yachonde kale sanasinthe kanthu kooneka, ndipo ananena kuti mbali yaikulu ya phindulo imachokera ku kuchepetsa asidi ndi chakudya cha m'phulusa. Ndiye wa nthaka ya asidi akatsuka makala ake akutaya bomwetamweta. Koma wa nthaka yamchere kapena ya laimu wambiri, komanso wofesa mbewu m'timachubu, atsuke ndithu, apo ayi mbande zidzasowa ayironi ndi zinki masamba n'kuyera. Madzi otsukirawo asatayidwe, ali ndi potaziyamu. Ena amatsitsa pH ndi madzi owawasa amene amadontha utsi ukazizira m'paipi, amene pH yake imakhala cha m'ma 3. Zimatheka, bola asungunulidwe kwambiri, chifukwa osasungunula amapha mbewu.

Tsopano tafika pamene ine ndimaona kuti pagona nkhani yonse ya m'munda: kuwadyetsa makala. Njira zake zilipo zinayi zimene zimapikisana, ndipo sizifanana mphamvu.

Yachangu ndi kunyika. Makala mumawaviika mu mkodzo wa ziweto, m'madzi a ndowe kapena m'madzi otuluka mu thanki yopangira gasi kuchokera ku ndowe (biogas), kwa masiku angapo mpaka masabata awiri. Ku Nepal, Schmidt yemwe uja ndi anzake anayesa njirayi pa maungu n'kufalitsa zotsatira mu 2015: makala osakwana tani imodzi pa hekitala, onyikidwa mu mkodzo wa ng'ombe, osakanizidwa ndi kompositi n'kuikidwa paphando pomwe pali mizu, anakweza zokolola kanayi poyerekeza ndi pamene anathira mkodzo ndi kompositi popanda makala. Chimene ndimachikonda pa nkhaniyi si kanayi kaja, koma kuchepa kwa makalawo. Zofufuza zambiri zakale zinkathira matani 10, 20 kapena kuposa pa hekitala, mulingo umene mlimi wamba sangaukwanitse ngakhale atawotcha mapesi onse a m'dera lake. Vuto la kunyika ndi fungo, ndipo fungolo si nkhani ya mphuno chabe. Mkodzo wogonera uli kale ndi pH ya pafupifupi 9, mukauphatikiza ndi makala a phulusa lambiri amoniya amauluka, ndiye chimene mukununkhizacho ndi nayitrojeni wanu akutsanzika. Vindikirani chidebe, musachiike padzuwa, ndipo makala akhale okwanira kumwa madzi onse osasiya dziwe pamwamba.

Yachiwiri ndi kuwaika m'khola. Mumayala makala pansi pamodzi ndi udzu, ziweto zimapondaponda, kukodzera ndi kunyera pomwepo, ndipo potuta manyowa mumatuta zonse. Ntchito ya kusinja ziboda zakugwirirani, khola limauma, fungo limachepa. Kwa amene ali ndi ziweto njirayi n'njovuta kuipikisa. Chenjezo n'la fumbi basi: m'khola la nkhuku musayale makala ouma osalala ngati ufa, anyowetseni pang'ono ndipo akhale a timiyalamiyala.

Yachitatu, imene ndimaiika pamwamba pa zonse, ndi kuwoletsa makala pamodzi ndi kompositi kuyambira tsiku loumba mulu. Apa pali kusiyana kumene ambiri sakuona. Kusakaniza makala ndi kompositi wopsa kale tsiku lobzala si chimodzimodzi ndi kuwaika mu mulu ukamayamba kutentha. Mu mulu wotentha, wonyowa, wodzaza tizilombo, makala amavala chikhungu chopyapyala cha zinthu zowola, kunja ndi m'timabowo momwe. Nikolas Hagemann ndi anzake anachiona chikhungu chimenechi ndi makina oonera tinthu ting'onoting'ono n'kufotokoza mu 2017 kuti ndi chimene chimagwira madzi ndi chakudya cha mbewu, osati kabooledwe ka makala kokha. Ndi chifukwa chake makala a Kammann aja anadzaza ndi nayitreti, nayitrojeni wa mtundu umene mizu imayamwa, chinthu chimene makala osakonzedwa sachigwira bwino, n'kumachitulutsa pang'onopang'ono. Phindu limapita mbali zonse ziwiri, chifukwa kompositi nayenso amapindula. Christoph Steiner ndi anzake ku Georgia, m'dziko la United States, anapeza mu 2010 kuti kuika makala okwana 20 peresenti mu kompositi wa zitosi za nkhuku kunachepetsa amoniya wouluka mpaka ndi 64 peresenti. Ine ndimaika ndowa imodzi ya makala onyowa pa ndowa zisanu ndi zinayi kapena khumi za zinyalala ndi zitosi. Mulu wotere sununkha, sumatana ngati phala, ndipo potembenuza fosholo imalowa mosavuta. Choipa chake n'chimodzi: nthawi. Miyezi iwiri kapena itatu, ndiye wowotcha mvula itayamba kale wachedwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yachinayi ndi kusakaniza ndi feteleza wogula. Imagwira, ndipo ku China kuli mafakitale amene amaumba makala a mapesi ndi feteleza kukhala timibulu togulitsa m'matumba. Koma pakhomo samalani ndi yureya. Yureya wosakanizidwa ndi makala onyowa a pH yokwera n'kusiyidwa pamtunda amataya amoniya mwamsanga. Ngati mwasankha njirayi, sakanizani tsiku lomwelo lothira ndipo kwirirani. Sindiipatsa malo apamwamba chifukwa imadzaza makala ndi chakudya koma siwapatsa chikhungu chija kapena tizilombo.

Tiwoloke tsopano kupita kwa anzathu a m'malabu, amene nkhani yawo yaikulu ndi kukula kwa malo a mkati mwa makala. Makala wamba a zotsalira za mbewu, mutati muyale makoma a timabowo tawo tonse, galamu imodzi ikhoza kupereka masikweya mita kuyambira ochepa chabe mpaka mazana angapo. Kuwadutsitsa nthunzi kapena mpweya wa kaboni dayokisaidi pa madigiri 800 mpaka 900 kumadya kaboni wina n'kuboola timabowo tatsopano, ndipo chiwerengerocho chimakwera kufika mazana ambiri, nthawi zina kuyandikira 1,000. Kuwasakaniza ndi potaziyamu hayidrokisaidi n'kuwotchanso cha m'ma 700 mpaka 800 kumaposa apo, kupitirira 1,000 ngakhale 2,000. Asidi wa fosiforiki amagwira pa kutentha kocheperapo, cha m'ma 400 mpaka 500, ndipo amathiridwa pa zinyalala zisanawotchedwe. Pakati pa zitatuzi, nthunzi ndiyo yaukhondo popeza siisiya mankhwala, koma imafuna ng'anjo yotentha kwambiri ndipo makala amachepa. Potaziyamu hayidrokisaidi ndiye katswiri pa timabowo, koma walira mvula walira matope: amawotcha khungu, amapha maso akalowamo, amadya zitsulo za ng'anjo, ndipo pambuyo pake makala amafunika kutsukidwa ndi asidi ndi madzi ambirimbiri, madzi amene inunso muyenera kupeza kowataya. Asidi wa fosiforiki ali pakatikati, amasiya makala ambiri ndipo fosiforasi wotsalira si mdani wa nthaka.

Koma tiyeni tinene mosapsatira. Zimene zikutuluka apa si biochar wa m'munda, ndi makala a sefa, a mtundu womwe umagwiritsidwa ntchito poyeretsa madzi akumwa ndi kuchotsa utoto m'madzi a m'mafakitale. Pa ntchito imeneyo ndi oyenera ndalama zake, chifukwa supuni imodzi imagwira zimene ndowa ya makala wamba ingalephere. M'munda n'zosiyana. Timabowo tambiri timene mankhwalawa amaboola n'tating'ono kwambiri moti bakiteriya sangalowemo, mizu singafikemo, ndipo madzi amene alowamo amagwidwa mwamphamvu koti mbewu singawayamwe. Timabowo tothandiza mbewu ndi tija tikulutikulu tochokera ku mitsempha ya chomeracho, timene moto wamba umatisiya kale. Kuwonjezera apo, makala okoka kwambiri amamwanso mankhwala ophera udzu ndi tizilombo othiridwa m'nthaka n'kuwafooketsa. Ndiye ndikaona munthu akunyadira masikweya mita 1,500 pa makala opita m'munda wa chimanga, ndimangoti wagula suti yokalimira.

Kumata zitsulo pa makala kuli ndi nzeru ina yosiyana, ndipo iyi imandikopa. Khungu la makala limakhala ndi mphamvu ya magetsi ya mtundu umodzi ndi fosifeti (fosiforasi wa mtundu umene mbewu zimayamwa) ndi nayitreti, ndiye zimakanana monga zimachitira mbali zofanana za maginito. N'chifukwa chake makala wamba sagwira fosifeti kwenikweni. Mukanyika zinyalala m'madzi a magineziyamu kolorayidi musanawotche, pa makala pamamera timiyala ting'onoting'ono ta magineziyamu okisaidi timene timagwira fosifeti mwamphamvu. Gulu la Bin Gao ku University of Florida linachita zambiri pa njirayi, kuphatikizapo pa zotsalira za sugar beet, mbewu yopangira shuga. Kukoma kwake n'kwakuti makala akakhuta fosifeti wa m'madzi oipa mukhoza kuwapititsa kumunda ngati feteleza wotulutsa chakudya pang'onopang'ono, ndipo magineziyamu nayenso mbewu zimamufuna. Ayironi amagwira ntchito yofananako, ndipo ndi amene amasankhidwa pofuna kuchotsa poizoni wotchedwa aseniki m'madzi. Makala ena a ayironi amakokedwa ndi maginito, ndiye kuwavuula m'madzi n'kosavuta. Koma ayironi amaumira, fosifeti akamugwira samutaya msanga, choncho ngati cholinga n'chakuti chakudyacho chikafike ku mizu, magineziyamu ndiye wabwino. Ndipo makala amene agwira aseniki, mtovu kapena kadimiyamu asapite m'munda ngakhale pang'ono. Amenewo asanduka zinyalala zoopsa.

Za hayidrojeni perokisaidi sindichedwapo. Amawonjezera okosijeni pakhungu la makala kuti agwire bwino amoniyamu ndi zitsulo monga mtovu. Pa sefa zili ndi phindu. M'nthaka, mpweya, madzi ndi tizilombo zimachita zomwezo mwaulere, kungoti mwapang'onopang'ono. Nthaka yakuda ya ku Amazon yotchedwa terra preta, imene katswiri wa ku Netherlands Wim Sombroek anaifotokoza mu 1966, ili ndi makala amene akhalamo zaka mazana ambiri mpaka masauzande, osakanikirana ndi mafupa, mapale ndi zinyalala za pakhomo, ndipo mphamvu yake yogwira chakudya cha mbewu imaposa kutali ya nthaka yoyandikana nayo. Johannes Lehmann wa ku Cornell University ndi anzake anasonyeza kuti mbali ina ya mphamvuyi imachokera ku kukalamba kwa khungu la makalawo. Amene anapanga nthaka imeneyo analibe botolo la mankhwala, anali ndi dzala.

Kwatsala kukula kwa timibulu. M'malabu amapera makala m'chigubu chozungulira chokhala ndi timipira tachitsulo mpaka asalale kuposa ufa, ndipo akatero amagwira zoipa za m'madzi mwamsanga. M'munda ufa wotere umauluka ndi mphepo, umakokoloka ndi madzi, umatseka mipata ya dothi lamakande, ndipo umalowa m'mapapo. Fumbi la makala a mankhusu a mpunga ndilo loyenera kuliopa kwambiri chifukwa cha silika, makamaka ngati moto unapitirira madigiri 800, pamene silikayo amayamba kusanduka wa mtundu wovulaza mapapo. Komanso zibuma zazikulu ngati chibakera sizithandiza, mizu imangozilambalala. Ine ndimasinja makala ali onyowa, m'thumba, n'kuwasefa kuti ambiri akhale pakati pa kukula kwa njere ya mpunga ndi njere ya chimanga. M'dothi lamchenga ndimalola osalala achulukepo chifukwa amathandiza kusunga madzi, m'dothi lamakande ndimasiya okhakhala kuti mpweya uziyenda. Kusinja kuchitike makala asanalowe mu kompositi, kuti chikhungu chija chikute mbali zonse. Mukasinja pambuyo mukutsegula malo atsopano anjala.

Mwina wina afunsa ngati njirazi zingaphatikizidwe. Zina zimagwirizana bwino: moto waukulu, kuzimitsa ndi madzi, kusinja, kenako khola kapena kompositi, zonsezi ndi mzere umodzi. Ena amazimitsa ndi madzi a ndowe kuti aphe mbalame ziwiri, koma madzi oyamba kugwera pa makala ofiira amataya nayitrojeni wawo ndi nthunzi, ndiye ndi bwino kuyamba ndi madzi wamba, a ndowe abwere makala atazizira. Zina zimalimbana. Kutsuka ndi asidi kumachotsa phulusa limene wa nthaka ya asidi amalifuna. Kuika makala a sefa mu kompositi kumatseka timabowo tomwe munatilipirira. Kuwotcha mafupa pamodzi ndi zitsononkho kumawonjezera fosiforasi ndi kashiyamu, ndipo ndimachita mafupa akapezeka, kungoti fosiforasi wake amasungunuka bwino m'nthaka ya asidi, m'nthaka ya laimu amangogona.

Chiyambire bedi la kabichi lija, makala alionse atsopano ndimayamba ndawayesa m'zitini zisanafike mbande. Ndimatenga zitini zinayi zobooka pansi: china dothi lokha, china dothi ndi makala osakonzedwa, china dothi ndi kompositi yekha, china dothi ndi makala a mu kompositi. Chitini chachitatucho musachisiye, chifukwa popanda icho mudzatamanda makala pa ntchito imene wagwira ndi kompositi. M'chitini chilichonse ndimafesa njere 20 za mbewu yomera msanga monga letesi kapena mpiru, n'kuwerenga zomera pakatha sabata, kenako n'kuyang'ana mtundu wa masamba pakatha masabata atatu. Ulendo wapitawu makala a makoko a mtedza ochokera mu mgolo wotseka anameretsa njere zochepa kuposa zitini zina zonse, ndipo nditawanunkhiza bwino ndinamva kafungo ka phula kamene ndinakanyalanyaza tsiku lofukula. Ndinawabwezera m'dzenje pamwamba pa moto wa mapesi, ndipo pano ali mu mulu wa kompositi umene ndiutembenuze kachiwiri Loweruka.